nextpnr ikuti 547% pa iCEstick, chonsecho code yanga ndi yaing'ono

Kawale_Volts, Lolemba 19:42

Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndathedwa nzeru, mwina wina anakumanapo nazo.

Amalume anga ali ndi dimba la tomato ku Mitundu, amathirira ndi pampu ya sola. Mizere ya mapaipi ilipo inayi, ndipo masiku ano thanki ikumatha dzuwa lisanapendeke, anyamata a ganyu n'kumangolozana zala. Ndiye anandipempha ndiwapangire kachipangizo koonetsa malita amene mzere uliwonse wamwa pa ola. Ndaika masensa anayi a YF-S201, aja okhala ndi kagudumu kozungulira mkati, ndipo ndikuwerenga ma pulse ndi iCEstick imene mnzanga anandisiyira, kabolodi ka FPGA (chip chimene umakonza wekha mmene za mkati mwake zilumikizanire). Ndikugwiritsa ntchito mapulogalamu aulere pa Ubuntu: Yosys, yosandutsa code kukhala tizigawo ta chip, ndi nextpnr, yotipezera malo m'chip n'kutilumikiza.

Kodi (code) yanga ndi mizere yosakwana 200 ya Verilog, chilankhulo chofotokozera za mkati mwa chip. Mu Icarus Verilog, simulator yoyesera kodi pa kompyuta, ikuyenda bwinobwino. Yosys ikudutsa osadandaula. Koma nextpnr ikundiyankha chonchi:

`ICESTORM_LC: 7012/1280 547%`
`ICESTORM_RAM: 0/16 0%`

Kenako imafa, ati malo atha: ikufuna ma logic cell 7012 pamene chip chili ndi 1280. Makauntala anayi, UART imodzi yotumizira manambala kunja ndi ka memory ka 256 x 16 basi, zingadye chip chonse kasanu? Kapena zida zaulerezi ndiye zili ndi vuto?

Wophunzira25, 19:58

Achimwene, bwanji osangoika Vivado? Kusukulu ankatiuza kuti imeneyo ndiye ya akatswiri.

Achemwali47, 20:06

Ayi mwana wanga, Vivado ndi ya machip a Xilinx, amene pano ali m'manja mwa AMD. Pa iCEstick pali iCE40HX1K ya Lattice, Vivado siidziwa n'komwe. Komanso kuitsitsa kokha ndi magigabayiti makumimakumi, bandulo ya mwezi wonse itha usanaone ngakhale LED imodzi ikuphethira.

A Kawale, yankho mwalilemba nokha pa mzere wachiwiriwo. RAM ili pa 0. Chip chimenecho chili ndi timabokosi 16 ta block RAM, kalikonse ka ma bit 4096. Memory yanu ya 256 x 16 ndi 4096 ndendende, imayenera kulowa m'kabokosi kamodzi n'kutseka chitseko. Koma Yosys sinaiike m'menemo, yaimanga ndi ma flip-flop (tizigawo tosunga bit imodziimodzi), limodzi pa bit iliyonse. Ndiye ma cell 4096 apita pomwepo, kuonjezapo ma LUT (tizigawo ta logic) zikwi zingapo osankhira mzere wa memory woti uwerengedwe. Inu muli nawo 1280 okha.

Tationetsani mmene mukuwerengera ndi mmene mukuchitira reset.

Kawale_Volts, 20:15

Kuwerenga ndi uku:

`assign dout = mem[addr];`

Ndipo pa reset ndili ndi for loop yoika 0 m'mizere yonse 256 ya memory, kuti isayambe ndi zinyalala.

Achemwali47, 20:31

Ndimaganiza choncho. Zolakwika zilipo ziwiri, ndipo chilichonse pachokha chikanakugwetsani.

Choyamba: assign imeneyo ikutanthauza kuti adiresi ikasintha, yankho lituluke nthawi yomweyo osadikira clock. Block RAM ya iCE40 singathe zimenezo. Imatenga adiresi clock ikamenya, yankho n'kutuluka pambuyo pa kumenyako. Yosys siinama kapena kukukomerani mtima: ikaona kuti mwapempha chinthu chimene kabokosi sikangachite, imakumangirani chimene mwapemphacho ndi njerwa zina, kaya zikwana kaya sizikwana. Lembani chonchi:

`always @(posedge clk) dout <= mem[addr];`

Chachiwiri ndi for loop ija. Mukufuna mizere 256 ifufutike pa kumenya kumodzi kwa clock, pamene kabokosi kali ndi khomo limodzi lolembera, mzere umodzi pa nthawi. Zili ngati kuuza kondakitala wa minibasi kuti atsitse anthu onse pa sekondi imodzi. Ichotseni. Ngati mukufuna iyambe ndi ziro, gwiritsani ntchito initial kapena $readmemh, zimenezo zimalowa mu bitstream, fayilo imene imalowetsedwa m'chip. Ngati mukufuna kufufuta chip chili mkati mogwira ntchito, pangani kakauntala koyenda mzere ndi mzere. Pa 12 MHz mizere 256 itha pa ma microsecond 21 ndi pang'ono, amalume anu sadzadziwa n'komwe.

Ndipo muzolowere kuwerenga log ya Yosys, musamangoona kuti yadutsa. Pamapeto imalemba mndandanda wa ma cell. Mukaonapo SB_RAM40_4K ndiye kuti zatheka. Mukaona SB_DFFE zikwizikwi, bwererani ku kodi. Simulator singakuuzeni zimenezi, kwa iyo memory ndi memory basi.

BiwiMaker, 20:44

Ine ndifunse funso lopusa. FPGA pa ntchito yowerenga madzi a tomato? YF-S201 ikathamanga kwambiri, pa malita 30 pa mphindi, imatulutsa ma pulse 225 okha pa sekondi. Microcontroller ya ESP32 ili ndi makauntala a pulse mkati mwake, ili ndi WiFi, mtengo wake ndi wotsika, ndipo ikapsa mupeza ina mu Lilongwe momwemuno. iCEstick ikapsa mudzadikira masabata angati? Mukupha nyerere ndi nkhwangwa aise.

Kawale_Volts, 20:52

Simukunama achimwene. Kungoti bolodi ndili nayo kale, yakhala mu drowa chaka chathunthu, ndipo ndikufuna ndiphunzire pa ntchito yeniyeni, osati kuyatsa ma LED mpaka kalekale. Zikakanika ndibwera kwanu kudzagula ESP32.

BiwiMaker, 20:54

Ndikusungirani imodzi.

Kawale_Volts, 22:10

Achemwali, Mulungu akudalitseni.

`ICESTORM_LC: 412/1280 32%`
`ICESTORM_RAM: 1/16 6%`

icepack yapanga fayilo ya bitstream, iceprog yailemba pa bolodi. Koma tsopano pa UART manambala asuntha: malita a mzere woyamba akutuluka pa dzina la wachiwiri, achiwiri pa lachitatu.

Achemwali47, 22:19

Ndiye mtengo wa block RAM umenewo. Yankho tsopano likuchedwa ndi clock imodzi, koma state machine yanu ikutolabe dout nthawi yomwe yapereka adiresi, ndiye ikutola za adiresi yapitayo. Onjezani state imodzi yongodikira. Tsegulani VCD, fayilo ya masiginolo yochokera ku simulator, mu GTKWave, ikani addr pamwamba dout pansi, muona ndi maso anu. Ine ndagona.

Kawale_Volts, Lachitatu 17:36

Ndabweranso. Za state zija zinatheka usiku womwewo. Lero ndinapita ku Mitundu kukayesa ndi madzi enieni, ndipo ndabwerako wamanyazi.

Ndinatenga ndowa ya malita 20. Sensa imeneyi imapereka ma pulse pafupifupi 450 pa lita, ndiye ndimayembekeza cha m'ma 9000. Ulendo woyamba 11,340. Wachiwiri, ndowa yomweyo, 14,100. Wachitatu kauntala inadumpha kuchoka pa 2000 ndi kanthu kufika pa 6000 ine ndikuyang'ana. Choopsa kwambiri, mzere wachinayi unali wotseka koma unawerenga 600 pampu itangoyaka. Amalume anangoima poteropo manja kumbuyo, n'kufunsa ngati kachipangizoka kakuwerenganso thukuta la anyamata.

Kunyumba ndikamapemerera sensa ndi pakamwa zimaoneka ngati zili bwino.

Madala_Kanengo, 18:02

Mwana wanga, tisanafike ku kodi, tandiuza za mawaya. Atalika bwanji, ndi amtundu wanji, ndipo adutsa pati?

Kawale_Volts, 18:09

Madala, wautali kwambiri ndi mamita 15. Ndi waya wamba wa sipika. Ndinaumangirira limodzi ndi chingwe cha pampu pa mtengo womwewo kuti zioneke zaudongo. Sensa ili pa 5V, ndatsitsa ndi maresistor awiri kuti ifike 3.3V.

Madala_Kanengo, 18:27

Pa 3.3V wachita bwino, mapini a iCE40 salola 5V. Kwinako wadzipangira eriyo. Kontrola ya pampu ya sola imadula ndi kulumikiza magetsi kambirimbiri pa sekondi, ndipo phokoso lonselo likulowa mu waya wakoyo chifukwa wawagoneka pamodzi ngati mapasa. Ife kuno ku mafakitale waya wa siginolo sayenda njira imodzi ndi wa mota, olo bwana anene kuti sizikuoneka bwino.

Chita izi. Pezako waya ya Cat5 yotsala kwa anyamata oika netiweki. Siginolo ndi ground ziyende pa peya imodzi yopotana. Uitalikitse ndi chingwe cha pampu, ndipo pomwe zikuyenera kukumana zidutsane mopingasa. Pafupi ndi bolodi ika kakapasita kakang'ono, 10 nF ikwana. Ukafuna kugona tulo, ika PC817, kachipangizo kodutsitsa siginolo ndi kuwala, pa mzere uliwonse kuti za kudimba zisakhudzane ndi chip. Nyengo ya mvula ikubwera, mphezi za ku Mitundu sizicheza.

Achemwali47, 19:15

Madala anena zoona, zimenezo zikufotokoza 600 wa mzere wotseka. Koma kudumpha kwa 2000 kufika 6000 si phokoso lokha, kauntala yabwino siingalumphe choncho. A Kawale, kauntala yanu ikuyenda ndi clock iti?

Kawale_Volts, 19:20

`always @(posedge sensa1) count1 <= count1 + 1;`

Ndinaona kuti ndi njira yachidule.

Achemwali47, 19:48

Yachidule yopita kumanda. Mwasandutsa waya wa mamita 15 wa m'dimba kukhala clock. Phokoso likabwera ngati timinga tiwiri totsatizana pa ma nanosecond ochepa, ma flip-flop ena a kauntala amamva, ena samva, kapena kuphatikiza kumakhala kusanathe. Zotuluka ndi nambala yosadziwika mutu wake. Kuonjezera apo, mbali ya UART ikuwerenga count1 ndi clock ya 12 MHz pamene count1 ikusintha pa nthawi yakeyake. Mukaigwira ili pakati posintha, mwachitsanzo kuchoka 2047 kupita 2048 pomwe ma bit 12 amatembenuka limodzi, mutola theka zakale theka zatsopano. Yang'anani log ya nextpnr, mupeza ikutchula ma clock asanu m'malo mwa imodzi. Inakuuzani, simunamve.

Lamulo langa pa ntchito zazing'ono ngati izi: clock imodzi basi. Chilichonse chochokera kunja chidutse kaye pa ma flip-flop awiri otsatizana a clk. Loyamba likhoza kuzunguzika siginolo ikasintha pa nthawi yolakwika, lachiwiri limalipatsa mpata woti likhazikike. Mukatero ikani sefa: musavomere kuti siginolo yasintha mpaka itakhala chimodzimodzi kwa ma clock 2400, amene ndi 0.2 ms. Pulse yeniyeni yothamanga kwambiri imakhala m'mwamba pafupifupi 2 ms, ndiye idutsa bwinobwino, timinga ta pampu titsala. Pomaliza yerekezani siginolo ya tsopano ndi ya pa clock yapitayo, ikachoka pa 0 kupita pa 1 kauntala ionjeze imodzi.

Ndipo testbench yanu, kodi yoyesera mu simulator, ikunamizani chifukwa mukuipatsa ma pulse osalala ngati a m'buku. Ithireni zinyalala dala, timinga ta ma nanosecond 30 apa ndi apo ndi $random, muone ngati nambala ikhalabe yolondola. Mukatero ndiye mukwere minibasi ya ku Mitundu.

Wophunzira25, 20:03

Pepani kulowerera. Ife tinaphunzira chilankhulo cha VHDL osati Verilog, zida zimenezi zimalola? Ndipo zimagwira pa iCE40 yokha?

Achemwali47, 20:21

Zimalola, kudzera mu GHDL ndi plugin yake ya Yosys. Osavutika kumanga chimodzichimodzi, tsitsa OSS CAD Suite ya YosysHQ pa GitHub. Muli Yosys, nextpnr, Icarus, Verilator, GTKWave ndi openFPGALoader. Umangomasula fayilo n'kuloza PATH, palibe laisensi kapena kulembetsa. Za GHDL, pa Linux ndiye sipavuta.

iCE40 ndiyo inayamba chifukwa mu 2015 Claire Wolf, yemwenso analemba Yosys, pamodzi ndi anzake anafukula mmene bitstream yake imakhalira, ntchito ija ya Project IceStorm. Kale tinkagwiritsa ntchito arachne-pnr, nextpnr inabwera mu 2018, ndiye ukaona maphunziro akale pa intaneti akutchula arachne usadabwe. Pano ECP5 ikuyenda ndi Project Trellis, machip a Gowin ngati a pa Tang Nano 9K akuyenda ndi Apicula. Xilinx 7 series iliponso koma njira yake ndi yaminga, woyamba kumene sindingamutumize kumeneko.

Kawale_Volts, Loweruka 16:05

Lipoti. Ndasintha kodi monga ananenera achemwali, ndipo testbench yazinyalala inagwetsadi kodi yakale pomwepo. Cat5 ndaika, yadutsa mbali ina ya mpanda. PC817 sindinapeze zinayi, ndaika ziwiri pa mizere yakutali.

Ndowa ya malita 20, katatu: 8,870, 8,915, 8,890. Mzere wotseka uli pa 0 pampu ikuyaka ndi kuzima. Ndasintha 450 kukhala 445 mu kodi. Ndipo wakuba madzi wapezeka: mzere wachitatu ukumwa pafupifupi kawiri kuposa inzake. Titakumba tapeza joini yothetheka pansi pa dothi, pamera udzu wobiriwira bwino. Anyamata a ganyu akuti ndiwagulire Fanta.

Madala_Kanengo, 16:31

Uwagulire ndithu. Koma batire ikatha usiku manambala ako apita kuti?

Kawale_Volts, 16:40

Apita ndithu madala, ndaziona m'mawa uno. Bitstream imabwerera yokha kuchokera mu flash ya pa bolodi, koma za mu RAM zimafufutika. Ndikuganiza zolemba mu flash yomweyo ola lililonse.

Achemwali47, 16:58

Zitheka, koma samalani adiresi. Bitstream ya HX1K imakhala koyambirira, pafupifupi 32 KB. Yambirani kutali, monga pa 1 MB, apo ayi tsiku lina mudzafufuta nyumba muli momwemo. Ndipo flash imafufutidwa sector yathunthu, osati mzere umodzi, ndiye muzilemba motsatizana mpaka idzaze.

BiwiMaker, 17:03

ESP32 ija ikanasunga yokha, ndikungonena. Ikadali pano.

Wophunzira25, 17:11

A Kawale, OSS CAD Suite muli nayo pa fulashi? Bandulo yanga yatsala 300 MB. Lolemba ndikhala mu Old Town cha m'ma 10.

Kawale_Volts, 17:14

Ndili nayo ya Linux yokha. Ubwere ndi fulashi yako, tikumane pa depoti.