Kodi khanda la masabata awiri limaona nkhope?

Ntchembere yatsopano: Anzanga, mwana wanga ali ndi masabata awiri. Ndikamamuyamwitsa amandiyang'anitsitsa osaphethira, kadzanja kali pachibwano changa. Apongozi akuti saona kanthu mpaka mwezi uthe. Zoona?

Namwino wa ku Zomba: Amaona ndithu mayi, kungoti mwachimbuuzi. Chimene amaona bwino ndi chapafupi, masentimita 20 mpaka 30, monga kuchokera pabere kufika pankhope panu.

Mphunzitsi wopuma: Mu 1991 a Mark Johnson ndi anzawo ku Britain anayesa makanda osakwana ola limodzi chibadwire. Ankawayendetsera chithunzi cha nkhope, kenako china chimene maso, mphuno ndi pakamwa zinaikidwa mosokonezeka. Makandawo ankatembenukira kwambiri cha nkhope. Ineyo ndinadabwa, khanda loti silinasambe n'komwe!

Ntchembere yatsopano: Zikomo bambo. Usiku uno poyamwitsa ndiyatsa nyali, andione bwinobwino.