Ndasainitsa anthu fomu yakale ya chilolezo, monita akubwera Lachiwiri, nditani?

Namwino wa kafukufuku:
Anzanga ndithandizeni nzeru, mutu waima pano. Ku yuniti kwathu tikuyendetsa ma study atatu nthawi imodzi, ya mankhwala a BP, ya ana odwala sepsis, ndiye iyi yanga yoyesa chipangizo chatsopano chopezera TB mu mkodzo chomwe tikuchifananiza ndi Xpert Ultra komanso culture, njira zoyezera TB mu makhololo zomwe zilipo kale. Mwezi wathawu komiti ya ethics, yomwe imateteza anthu olowa mu kafukufuku, inavomereza version 3 ya fomu ya chilolezo, chomwe chinasintha nchakuti pano tikutenga magazi owonjezera machubu awiri ndipo otsalawo pamodzi ndi mkodzo tikusunga mu firiza ya madigiri -80 kuti adzayesedwe mtsogolo. Lero ndimakonza mafayilo kuti monita, munthu amene amabwera kudzaona ngati study ikutsatira malamulo, adzapeze zonse zili m'malo, kungoti ndiyang'ane m'munsi mwa pepala muja mumakhala tizilembo ting'onoting'ono, ndikuona version 2. Kutsegula fayilo ina, version 2. Onse ndi anthu 9, ndipo 6 mwa iwo magazi owonjezerawo tinatenga kale, ali mu firiza. Mafomu akale anatsalira mu dilowa ya m'chipinda chomwe timafotokozera anthu, ine ndimangotola apamwamba. A PI, akuluakulu otsogolera study yathu, sindinawauzebe, ali ku wadi.

Wolowetsa data:
Pepani asisita. Bwanji mungowaitana onsewo asaine version 3 koma mulembe deti la tsiku lija anabwera koyamba, akalewo muchotse mu fayilo? Si anthu omwewo, ndipo anavomera kale kulowa study.

Kodineta wa ma study:
Ayi ayi achimwene, chonde musayerekeze, ndipo asisita musamvere zimenezo. Panopa chomwe chachitika ndi deviation, cholakwika choti munthu aliyense wogwira ntchito atha kuchita ndipo chili ndi njira yake yokonzera. Mukangolemba deti la m'mbuyo ndiye kuti mwapeka chikalata, imeneyo ndi nkhani yoti study itha kuimitsidwa ndipo satifiketi yanu ya unamwino ili pa chiswe. Komanso tisaiwale chenicheni, anthu 6 aja anavomera kupereka makhololo ndi mkodzo, sanauzidwe zoti magazi awo akhala mu firiza kudikira mayeso a mtsogolo. Tsiku limenelo sanavomere zimenezo, ndiye pepala lisanene kuti anavomera. Mafomu a version 2 asachoke mu fayilo, asafufutidwe, asapakidwe tipeksi. Imbani foni kwa a PI panopa, musadikire atuluke ku wadi.

Wolowetsa data:
Ndamva akuluakulu, ndimaganiza zongopulumutsa mnzathu. Sindinaganize mbali ya anthuwo.

Wa ku labu:
Mbali yathu ya ku labu ndiyankhepo. Ma sampulo a anthu 6 amenewo atulutseni m'mabokosi momwe ali, muwaike mu bokosi lawolawo mu firiza yomweyo, pamwamba mulembe ndi maka kuti QUARANTINE ndi deti la lero, ndipo mu log ya firiza mulembe kuti achoka pa malo akuti apita pa malo akuti, wasuntha ndi ndani. Chitani mwachangu pa dry ice kapena pa rack yozizira kuti asasungunuke, chifukwa mukawasiya pa benchi mukufufuza manambala ndiye mwawonjezera vuto lina. Asatumizidwe kulikonse, asayesedwe, koma musawatayenso, amene akufuna kubisa ndi amene amathamangira kutaya. Munthu akadzavomera pa version 3 sampulo yake ibwerere m'malo mwake, akakana ndiye iwonongedwe motsatira SOP, malangizo olembedwa a kagwiridwe ka ntchito, pakhale wina woonerera ndipo nonse musaine. Chinanso muone ngati pali shipment yomwe yakonzedwa kale, ife zinatichitikirapo kuti manifest, mndandanda wa ma sampulo otumiza, inali itatuluka ndipo tinachita kutsegula bokosi usiku kuchotsamo ma vial.

Zotsatira za Xpert ndi culture zisakudetseni nkhawa kwambiri, ngati version 2 inkanena za makhololo ndi mkodzo ndiye zimenezo munthu anavomera. Ma culture asiyeni mu makina amalize masiku awo 42.

Namwino wa kafukufuku:
Zikomo kwambiri. A PI ndawapeza, sanakalipe, angoti tikhale pansi madzulo ano tilembe. Koma pali zina zikundivuta. Awiri mwa anthuwa sadziwa kuwerenga, anadinda chala, ndipo mboni yawo inali wachibale yemwe anabwera nawo tsiku limenelo, pano sindikudziwa ngati abwerenso. Kodi mnzanga wa field worker wa study yathu angakhale mboni? Wina anatulutsidwa m'chipatala ndipo amakhala kutali kwambiri, visit yake ndi ya mwezi wamawa. Ndiye pali mmodzi anamwalira sabata yatha, anabwera atadwalika kale, SAE, lipoti la vuto lalikulu ngati imfa, tinatumiza mkati mwa maola 24 monga mwa lamulo, koma magazi ake ali mu firiza muja. Ameneyu ndi amene akundipweteka mtima.

Dokotala wofufuza:
Asisita mwachita bwino kunena msanga. Za mboni, field worker wa study yomweyo ayi. GCP, malamulo oyendetsera bwino kafukufuku wa zachipatala, imafuna mboni yosakondera, munthu yemwe sali mu study ndipo ife ofufuza sitingamukakamize, akhalepo kuyambira poyamba kufotokoza mpaka pomaliza, osati kungomuitana pa khomo kuti dzasaineni apa. Wachibale wina wodziwa kuwerenga yemwe mwiniwakeyo wamusankha atha, kapena wogwira ntchito ku dipatimenti ina yemwe sakhudzana ndi study ngati SOP yanu ikulola. Ndipo pofotokozapo musazembe, muwauze mosabisa kuti tinakutengani magazi owonjezera tisanakufotokozereni bwino, talakwitsa ndife, muli ndi ufulu wokana ndipo mukakana chithandizo chanu sichisintha. Muwapatse kope yawo ya fomu yatsopano apite nayo.

Wakutaliyo musamusainitse pa foni pokhapokha komiti itavomereza njira imeneyo, apo ayi sampulo yake idikire mu quarantine mpaka adzabwere. Za malemuwo, palibe amene angasaine m'malo mwawo lero kuti zioneke ngati anavomera. Mulembe momwe zilili mu lipoti la ku komiti ndipo mufunse kuti sampulo imeneyo itani, iwo ndi amene agamule, inu ndi a PI musagamule nokha. Nkhani yosunga magazi si yaing'ono, Declaration of Helsinki, mfundo za padziko lonse zotetezera anthu mu kafukufuku, yomwe inayamba mu 1964 itakonzedwanso mu 2024 inanenetsa kuti kutenga, kusunga ndi kudzagwiritsanso ntchito zinthu za m'thupi la munthu kumafuna chilolezo chake. Ndiye komiti idzafunsa za anthu 6 aja kuposa atatu enawo.

Kodineta wa ma study:
Ndiwonjezere za mapepala. Onse 9 alowe mu deviation log, aliyense mzere wake ndi nambala yake ya study osati dzina, kenako note to file imodzi yofotokoza chinachitika nchiyani, mwazindikira liti, mwachitapo chiyani. Onani mu SOP ndi mu kalata ya komiti kuti amafuna lipoti mkati mwa masiku angati chifukwa makomiti amasiyana. Monita mulembereni imelo lero kapena mawa, asadzazipeze yekha Lachiwiri. Ndipo pa CAPA paja, pomwe timalemba zokonza vuto ndi zopewera kuti lisabwerenso, musalembe kuti namwino waphunzitsidwanso basi, chifukwa vuto si inu nokha asisita, funso ndi lakuti version 3 itabwera anayenera kuzungulira zipinda zonse kutolera mafomu akale ndi ndani, ndipo bwanji sizinachitike. Ife kwathu fomu yatsopano ikavomerezedwa munthu mmodzi amatolera akale onse tsiku lomwelo, amawawerenga, imodzi amaidula mzere nkulemba superseded, kutanthauza kuti yalowedwa m'malo, nkuika mu fayilo ya study, ena onse amawononga. Timaprinta ochepa ochepa kuchokera pa kope yokhala ndi chidindo cha komiti, ndipo munthu wachiwiri amayang'ana version, deti ndi siginecha wodwala asanapite kotenga magazi. Poti muli ndi ma study atatu m'chipinda chimodzi, tsegulaninso ma dilowa a ya BP ndi ya sepsis.

Namwino wa kafukufuku:
Ndabweranso anzanga. Ma sampulo ali mu quarantine, imelo kwa monita yapita, lipoti la ku komiti a PI asaina m'mawa uno ndipo za malemu aja tafunsa monga munanenera adokotala. Anthu 5 abwera kale, 4 asaina version 3 ndi deti la lero, mayi mmodzi wati study apitiliza koma magazi ake asasungidwe, fomu yatsopanoyi ili ndi bokosi losankha zimenezo ndiye wachonga kuti ayi, a ku labu awononga mawa ine ndikakhala woonerera. Awiri odinda chala abwera Lolemba aliyense ndi m'bale wake wodziwa kuwerenga. Ma dilowa enawo tatsegula, mu ya sepsis tapezamo mafomu akale a makolo 11 osagwiritsa ntchito, tawachotsa, ndipo mnzanga wa study imeneyo akuyang'ana mafayilo ake limodzi limodzi panopa.