Namgumi, mvuu ndi kafupa ka mbuzi: tithandizane phunziro la Form 4

Madam wa ku Namwera: Aphunzitsi anzanga a Biology, ndithandizeni. Ndayamba mutu wa evolution, kusintha kwa zamoyo pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri, ndipo ana andiimitsa pa namgumi. Akuti chilichonse chokhala m'madzi ndi nsomba basi. Mnyamata wina, mwana wa msodzi, wafunsanso kuti ngati ma seal, nyama zoyamwitsa zokhala m'madzi, amakhala m'nyanja ya Baikal ku Russia yomwe madzi ake alibe mchere, bwanji nyanja yathu ya Malawi ilibe? Projekita tilibe. Lachinayi ndibwereza phunziroli.

Aphunzitsi a ku Monkey Bay: Madam, yambani ndi chambo. Ana onse amachidziwa. Chipsepse chake chimapita uku ndi uku, pomwe namgumi amakupiza mchira m'mwamba ndi pansi, monga umapindikira msana wa galu akamathamanga. Amapuma mpweya, amabereka, amayamwitsa. Kenako muwauze kuti anachokera kwa mvuu.

Aphunzitsi a pa Boma: Pepani achimwene, pamenepo tikonze, tingalakwitse ana pa MSCE. Namgumi sanachokere kwa mvuu. Ndi pachisuweni, kholo lawo ndi limodzi. Mwa nyama zomwe zilipo lero, mvuu za mu Shire zija ndizo m'bale wake wapafupi.

Madam, ine chimene chinandipulumutsa ndi mbuzi. Pitani kwa wabucha mmamawa, mumupemphe asakhape ndi chikwanje mwendo wakumbuyo pamfundo yokhotera m'mbuyo ija. Wiritsani, kenako muchotse mnofu. Mupeza kafupa kotchedwa astragalus, kokhala ndi kangalande kumtunda ndi kumunsi komwe, ngati pule. Kafupa kotere kamapezeka mwa mbuzi, ng'ombe, nkhumba ndi mvuu. Mu 2001 akatswiri analengeza kuti akapezanso m'miyendo ya makolo a namgumi ofukulidwa ku Pakistan. Kumeneko n'komwe kunapezeka Pakicetus, wa miyendo inayi, wa zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, ndi Ambulocetus amene katswiri Hans Thewissen anamufotokoza mu 1994. Nditayendetsa kafupa ka mbuziko m'kalasi, mtsikana wina anakatembenuza kangapo, n'kulowetsa chikhadabo m'kangalandeko. Funso lake linali lakuti, "Ndiye miyendoyo inapita kuti?"

Madam wa ku Namwera: Limenelo ndikumana nalo ndithu. Munayankha bwanji?

Aphunzitsi a pa Boma: Ndi Wadi Al-Hitan ku Egypt. Pakati pachipululu pali mafupa osanduka mwala a Basilosaurus, namgumi wotalika mamita oposa 15 koma timiyendo takumbuyo tosatha kuyendera. Jambulani mapu pabolodi, muike nyanja yakale ya Tethys kuchokera ku Egypt mpaka ku Pakistan. Anamgumi anayambira m'madzi osaya a nyanja imeneyo, n'kufalikira m'nyanja zina. Tethys inatsekeka pamene Africa ndi India ankakankhana ndi Asia, mafupa n'kutsala pamtunda.

Aphunzitsi a ku Makanjira: Za seal ndiyankhe ine. Iwo mzere wawo ndi wina, abale awo ndi zimbalangondo ndi akatumbu. Ana a kunyanja katumbu amamudziwa, amawabera nsomba m'maukonde. Puijila, m'bale wakalekale wa ma seal yemwe anafukulidwa pachilumba cha Devon ku Canada mu 2007, maonekedwe ake anali a katumbu. Seal wa ku Baikal ndi m'bale wa ringed seal wa ku Arctic, ndipo madzi a Baikal amatsikira komweko kudzera m'mitsinje ya Angara ndi Yenisei. Yathuyi inabadwa m'chigwa chong'ambika pakati pa mtunda, sinakhalepo mbali ya nyanja yamchere. Njira yochokera kunyanja yamchere ndi Shire yekha, wamathithi ngati Kapichira, ndipo kumatsiriro a Zambezi madzi ndi ofunda. Ma seal a kuno kummwera achulukira ku Namibia ndi South Africa, komwe madzi ozizira a Benguela amadzaza nsomba.

Aphunzitsi a ku Monkey Bay: Ndavomera kukonzedwa. Muwonjezere kuti anamgumi a humpback amadya ku Antarctica koma nyengo yozizira amabwera kudzaberekera kugombe la Mozambique. Ana akamva kuti ndi kwa aneba, amatchera khutu.

Madam wa ku Namwera: Zikomo kwambiri nonse. Mawa ndilawirira kumsika. Mnyamata uja ndimupatsa choko ajambule yekha njira yochokera ku Zambezi kufika pa mlatho wa Bakili Muluzi, aone pomwe seal angakakamire. Akulu a pa Boma, mwendo umodzi ukwana magulu asanu ndi limodzi?

Aphunzitsi a pa Boma: Tengani iwiri Madam, kafupako ndi kamodzi pa mwendo.