Ndili ndi K5 miliyoni ndi script ya masamba 94: ndiyambe kushuta mu July kapena ndidikire?

Akuluakulu m'gulu muno, makamaka inu amene munagwirapo ntchito ya mafilimu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndilemba motalika, mundipirire.

Ndimakhala ku Area 25 ndipo kwa zaka 6 ndakhala ndikujambula maukwati ndi zinkhoswe. Pa ukwati uliwonse ndimapatulako kangachepe, ndiye kuphatikiza ndi zomwe tinagawana ku banki m'khonde mu December, ndafika pa K5 miliyoni. Ndalamayi ndimasungira chinthu chimodzi basi, filimu yanga yoyamba yaitali.

Script ndinamaliza, masamba 94. Poti tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi, filimuyo ikhala ya ola ndi theka. Ndi nkhani ya mayi wogulitsa kaunjika mu msika wa Tsoka. Mwamuna wake wamwalira ku Joni, ndipo thupi lisanafike n'komwe, abale a mwamuna ayamba kale kuyendera nyumba chipinda ndi chipinda. Zimenezi zinawachitikira azakhali anga ine ndikuona, n'chifukwa chake nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Nditaiphwanya script ndapeza malo 11 ndi osewera olankhula 14. Kamera ndi yanga, ma lens awiri ndi magetsi a LED atatu. Za sound ndilibe. Ndikufuna masiku 16, masamba 6 pa tsiku, Lolemba mpaka Lachisanu kuti Loweruka ndizikagwirabe maukwati. Ndasankha July chifukwa kulibe mvula, ngakhale dzuwa limalowa msanga. Chakudya cha anthu 15, transport, jenereta ndi mafuta ake, munthu wa sound ndi zida zake, ma hard drive ndi tsiku la maliro kumudzi ku Mitundu, zonsezi zikudya K4.6 miliyoni. Ikutsala K400,000 ya editing, nyimbo, ma subtitle ndi premiere (mwambo woionetsa koyamba). Osewera sindinawaikemo malipiro, ndinawauza kuti tidzagawana filimu ikadzagulitsidwa.

Chikundiopsa ndi chakuti ndinapsapo kale. Ndinapangapo filimu yaifupi m'nyumba ina ku Kawale. Nyumbayo ndinakaiona Lamulungu masana, kuli zii. Lachiwiri tafika, magetsi taika, mtsikana wosewera walowa bwinobwino mu scene yolira mpaka misozi yeniyeni ikutsika, 9 koloko itangokwana chigayo cha kuseri kwa mpanda chinalira. Sichinasiye mpaka madzulo. Tinapitiriza poganiza kuti tidzakonza pa kompyuta. Zithunzi zinatuluka zokongola, koma mawu ake samveka, ndipo pomwe ndimati timuitane adzalankhulenso anali atapita kwawo ku Mzimba. Filimuyo ili mu hard drive mpaka lero, palibe anaionapo kupatula ine.

Ndiye funso langa lalikulu ndi ili: ndishute ndi ndalama ilipoyi n'kudzasaka ya editing pambuyo, kapena ndiimike kaye? Ndikaimika ndikuopa kuti ndalama ithera mavuto a pakhomo, komanso mitengo siikudikira munthu. Mundiuzenso ngati osewera ndikuwachitira chilungamo.

Wojambula mawu, Area 49:
Asisi, chigayo chija chinakuphunzitsani kale. Malo alionse mukawaone tsiku ndi ola lomwe mudzashute, mukhale pansi mphindi 20 osalankhula. Mumvetsere ma kabaza, tchalitchi chapafupi, sukulu, wowotcherera zitsulo, bawo ya pa grocery. Nyumba ya malata yopanda siling'i imathetheka dzuwa likatentha, pa mic zimamveka ngati wina akuponya timiyala. Boom (mic ya pa ndodo yaitali) ikhale pafupi ndi pakamwa mmene mungathere, lapel (ka mic komata pa chovala) ikhale yothandizira. Jenereta muiike kutali ndi chingwe chachitali, fuliji muzimitse. Musanachoke m'chipinda chilichonse aliyense akhale chete mphindi imodzi mujambule phokoso la chipindacho, editor adzalifuna polumikiza. Anthu amapirira chithunzi cha mdima pang'ono, koma mawu akavuta amangotseka.

Bambo wina amene anapangapo mafilimu awiri:
Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanayambe. Ndikuuzani mosabisa, ndi bajeti imeneyo musayambe. Kushuta ndi theka chabe la ntchito. Ndikudziwa anzanga angapo amene anashuta mpaka tsiku lomaliza, kudya phwando, lero zaka zadutsa filimu sinatuluke chifukwa ndalama yonse inathera pa set. Editing ya filimu yaitali imatenga miyezi, kenako pali kukonza mitundu, kusakaniza mawu ndi nyimbo. Pa K5 miliyoniyo chotsani K1.5 miliyoni muiike poti simungaigwire. Chotsaninso 10 peresenti ya zadzidzidzi, chifukwa galimoto idzafa, wina adzadwala, mafuta adzasowa. Mukukumbukira mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti? Amene anali pakati pa ntchito anapeza hard drive yakwera mtengo sabata yomweyo. Ndiye kushuta kwanu kukwane mu K3 miliyoni.

Zitheka bwanji? Bwererani ku script. Ndalama imathera posamuka, osati pojambula. Kusamutsa anthu 15 kuchoka ku Chinsapo kupita ku Old Town ndi theka la tsiku lapita. Malo 11 aja afike pa 5. Osewera 14 muone amene angaphatikizidwe, alamu atatu akhoza kukhala mmodzi woopsa bwino. Ndipo musashute motsatira nkhani. Zonse za m'nyumba muzimalize muli m'nyumbamo, kaya ndi za poyamba kaya za pa mapeto, kenako zonse za kumsika. Mukatero masiku 12 akwana.

Mwini funso:
Zikomo bambo. Malo nditha kuchepetsa, koma tsiku la maliro ndi limene likudya kwambiri, anthu 60 oti adye, bokosi, lole. Ndipo ndi pamene pagona mtima wa filimu yonse. Ndikalichotsa nditsala ndi chiyani?

Wa ku Mitundu konko:
Mayi, musanawerenge za lole, mwakambirana ndi amfumu? Kwathu kuno kumanda sikulowedwa wamba, ngakhale pa maliro enieni amfumu ndiwo amaloleza ndipo adzukulu ndiwo amatsogola. Manda ambiri a Achewa ndi malonso a gule. Mukangofika ndi kamera ndi bokosi lopanda munthu mudzapalamula mlandu, ndipo anthu ena sadzalola kulira maliro abodza pakhomo pawo. Pitani nokha ndi munthu wa m'mudzimo, mukafotokoze mwaulemu, musapite chimanjamanja.

Bambo wa mafilimu awiri uja:
Apa mwathandizidwa, achemwali. Kumanda musapiteko n'komwe. Jambulani usiku wa pa siwa. Amayi 10 m'chipinda atakhala pa mphasa, nyali imodzi, kwaya ikuimba chapansipansi, panja azibambo anayi akuotha moto. Mayi wanu wamasiye ali pakona, ndipo kudzera pa chitseko akuona mlamu wake akuyesa makiyi a kuchipinda. Woonera aliyense wa ku Malawi adzadziwa kuti panja pali khamu, sitifunika kumuonetsa. Zimenezi mutha kuchitira m'nyumba yomweyo imene muzidzashutiramo, bola eni nyumba ndi aneba muwauziretu.

Mnyamata wojambula ma video a nyimbo:
Ine ndikusiyana nawo akuluwa. Ndalama yodikira ku Malawi kuno imasungunuka. Shutani masiku atatu okha ma scene amphamvu, mupange trailer (kachidutswa kotsatsira filimu) ya mphindi ziwiri. Wabizinesi sawerenga script ya masamba 94, koma trailer pa foni amaonera. Mayi wa mufilimu yanu amamwa tiyi, amakwera minibus, amatumiza ndalama pa foni, monsemo muli malo oti kampani iike katundu wake. Ena sapereka ndalama koma akhoza kupereka madzi, buledi kapena galimoto, zomwe ndi ndalama ndithu.

Bambo wa mafilimu awiri uja:
Trailer ndi nzeru yabwino, koma ikhale yopemphera thandizo, ma scene amenewo mudzawajambulenso. Mukadukiza miyezi itatu wosewera amanenepa, nyumba amaipaka penti ina, mtengo wa pabwalo umayoyola masamba.

Wosewera zisudzo, Area 23:
Asisi, ndiyankhe za osewerazo chifukwa zimandikhudza. Mawu akuti tidzagawana ikadzagulitsidwa ndawamva kambirimbiri, sindinalandirepo ngakhale K1. Sindikuti ndinu wakuba, koma filimu ikangotuluka mawa lake imakhala ili kale m'ma burning centre, anthu akuikopera pa memory card. Mudzagawana chiyani? Munthu wasiya geni yake masiku 12, ana adya chiyani? Perekani kangachepe tsiku lililonse pamodzi ndi transport, ngakhale kakhale kochepa, ndipo peresenti ya mtsogoloyo muilembe pa pepala aliyense asainire. Pepala lomwelo linene kuti walola nkhope ndi mawu ake zigwiritsidwe ntchito, komanso kuti sasintha tsitsi kapena ndevu mpaka mutamaliza. Ife tinabwerezapo masiku awiri athunthu chifukwa mnzathu anapita ku ukwati Loweruka n'kubwera Lolemba ataluka mesh. Mukhale ndi munthu mmodzi woti azijambula pa foni zovala, chitenje ndi mmene zinthu zakhalira patebulo pa scene iliyonse.

Mayi wina wa ku Area 47:
Chonde musayerekeze katapila kapena kupinyolitsa kamera, filimu sibweza ndalama pa mwezi. Fufuzani ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za anthu aluso, za thumba la ndalama la Copyright Fund, amalengeza nthawi yolandira ma proposal a anthu aluso. Lowaninso ku Film Association of Malawi, kumeneko mupeza anzanu obwerekana nawo zida. Nyimbo za oimba odziwika musaike popanda chilolezo cholembedwa, kuli bwino mupeze woimba wachinyamata akupangireni zanuzanu. Musanaonetse ku gulu filimu imayenera kudutsa ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, muiikiretu pa bajeti. Za kumsika, kalata ya khonsolo payokha sikwanira, mukaonanenso ndi komiti ya msika, apo ayi mavenda adzakuimitsani kamera ili m'manja.

Editor, Blantyre:
Madzulo alionse mukope zonse m'ma hard drive awiri musanafufute card ya mu kamera, ndipo ma drive awiriwo asagone nyumba imodzi. Editor mumupeze pano, aziona zomwe mwajambula tsiku lililonse. Akaona kuti pakusowa shot akuuzani mukadali m'nyumbamo.

Mwini funso:
Ndawerenga zonse kawiri, zikomo kwambiri nonse. Asisi a ku Area 23, mawu anu andilasa, ndipo mukunena zoona. Usiku uno ndakhala ndi script ndi cholembera. Kumanda ndachotsa, ulendo wa ku Mitundu wonse wachoka, alamu atsala awiri, malo atsala 6. Ndalama ya lole ndi ya anthu 60 ija ndaisamutsira kwa osewera. K1.5 miliyoni ndikaisiya kwa amayi anga mawa. Kushuta ndakankhira ku August kuti ndipeze nthawi ya rehearsal, ngakhale ndikudziwa kuti mphepo ndi fumbi la mwezi umenewo zivutitsa wa sound. Chatsala ndi msika. Kodi alipo anajambulapo mu Tsoka kapena ku Lizulu? Ndi bwino kulawirira 5 koloko mabelo asanatsegulidwe n'kubweretsa anthu anga oti akhale ogula, kapena ndilowe masana ndi anthu anayi okha ndi lapel, msika uli pachimake?