Za pepala la kampani pa munda wa agogo

Amalume: Mwaswera bwanji nonse. Kwabwera anthu a kampani kuno kumudzi, afuna tilime soya pa munda wa agogo uja wa ku Chiparamba, wonse. Mbeu, feteleza ndi mankhwala atipatsa pangongole, tikakolola ogula ndi iwo omwewo. Akuti ali pa mgwirizano ndi bungwe lakunja lothetsa njala. Pepala afuna lisainidwe pofika Lachisanu ndiye ndati ndimve kaye mbumba

Amayi aang'ono: Wonse?? Nanga chimanga tilima pati achimwene. Soya sitiphika nsima

Asisi aku Lusaka: Malume jambulani pepalalo mutumize pano tiwerenge tonse. Mtengo alembapo?

Amalume: Mtengo sanalembe, akuti tidzaona wa pamsika nthawi yokolola

Asisi aku Lusaka: Apo ndiye pali vuto. Ngongole yalembedwa bwinobwino koma mtengo wa zokolola ayi, ndiye sikelo ndi yawo, wonena kuti soya iyi ndi giredi yotsika ndi iwo, wodula ngongole ndi iwonso, ife tatsala ndi khasu chabe. Mwaiwala za thonje? Amama ankalima chaka chonse, kupopera, kutola, tsiku logulitsa akadula mankhwala ndi mbeu ankabwera ndi ya mchere ndi sopo basi

Mlamu: Pepani ndilankhuleko ngakhale ndine wobwera. Si zonse zoipa. Feteleza wadula, wa FISP, wothandizidwa ndi boma uja, timalipira K400 koma sakwana munda wonse ndipo nthawi zina afika mvula itapita patali. Kuli bwino msika wodziwika kusiyana ndi mavenda apanjinga aja. Denga la agogo likudontha, ndalama ifunika

Muphwa waku UNZA (yunivesite ya Zambia): Alamu ndakumvani koma mawu oti tithetsa njala si a lero. Bungwe lotukula ulimi mu Africa la AGRA linayamba mu 2006 ndi ndalama za Gates Foundation ndi Rockefeller, analonjeza kuti pofika 2020 zokolola ndi ndalama za mabanja 30 miliyoni zidzachuluka kawiri, Zambia nayo inali momwemo. Njira yake ndi imodzimodzi, mbeu yogula chaka ndi chaka ndi feteleza wa m'sitolo. Koma 2024 mvula itadula mu Januware ndi Febuluwale mpaka Pulezidenti Hichilema kulengeza tsoka la dziko, haibulidi wambiri anauma ndi feteleza wake yemwe. Funso langa malume muwafunse, mvula ikakana ngongole aikhululuka? Ngati ayi ndiye phindu tigawana koma chilala ndi chathu tokha

Amayi aang'ono: Eya mwanangu. Chaka chimenecho chinatipulumutsa ndi dimba, kandolo, maungu ndi khobwe. Ndipo nshawa za Chalimbana ndasunga mbeu yake kuchokera kwa agogo anu, sindinagulepo. Aletsa kusakaniza mbeu m'munda eti?

Amalume: Aletsa, akuti soya yekhayekha

Amayi aang'ono: Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ayi

Asisi aku Lusaka: Komanso soya anagwa mtengo mu 2023, anthu analira kuno konse. Chimanga bola FRA, bungwe la boma logula chimanga, imanena mtengo poyera, 2024 inali K330 thumba la 50kg, ngakhale malipiro achedwa, ndipo chikakanika kugulika timadya. Ndaona chithunzi malume, ndime 7 ikunena za chikole, tsamba lachiwiri silikuoneka bwino. Chikole chake chiyani?

Amalume: Ndifunsa. Sindinaimvetse ndimeyo, Chizungu chake chovuta

Muphwa waku UNZA: Chonde malume musasaine chilichonse chotchula munda kapena ng'ombe. Malo aja ndi a mwambo, ali pansi pa mfumu, ndipo lamulo la malo la 1995 limalola kuwasandutsa a taitolo mfumu ikavomera, akatero sabwereranso kwa mbumba. Mwina sakutanthauza zimenezo koma tiyeni tidziwe

Mlamu: Nanga tikayesa lima imodzi yokha (kota ya hekitala) kumunsi kuja, kwina konse chimanga ndi nshawa monga kale?

Asisi aku Lusaka: Lima imodzi ndivomera, pokhapokha mtengo wotsikitsitsa ulembedwe ndipo ndime ya chikole ichoke. Akakana tisiye. Za denga tisonkhe tokha, ine ndiika K1,500 pa Airtel Money mwezi ukatha, feteleza woonjezera tigawana ndi akulu aku Kitwe ndawaimbira kale

Amayi aang'ono: Agogo anu auzidwe kaye, munda ndi wawo. Ndipita mawa ndikawafotokozere pang'onopang'ono

Amalume: Chabwino. Lachisanu sindisaina. Pepala ndipita nalo kwa alangizi a zaulimi a pa kampu andiwerengere, a nyakwawa nawo ndiwadziwitsa. Tikumane Lamlungu tikaweruka kutchalitchi kwa agogo, akutali tikuimbirani pa WhatsApp

Muphwa waku UNZA: Tsamba lachiwiri lija jambulaninso panja powala malume, ndiliwerenge usiku uno