Ndatumiza ndalama za pampu, wogulitsa wazimitsa foni

Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndimalima dimba kuno ku Ngabu, ndiye ndimafuna pampu ya sola yothirira chimanga. Ndinaona wina akuitsatsa pa Facebook, akuti ali ku Limbe. Tinagwirizana K180,000, ine n'kutumiza theka pafoni, iye n'kulonjeza kuti aikweza minibasi ya ku Nsanje Lachiwiri. Ndinakhala pa siteji mpaka dzuwa kulowa, ndi kutentha kwa kunoku, pampu osaoneka. Pano nambala yake sikupezeka, tsamba lakenso wafufuta.

Uthenga wosonyeza kuti ndalama zinapita ndidakali nawo, ndipo dzina likuoneka bwinobwino. Kodi ndiyambire kupolisi kapena kukampani ya foni? Alipo amene zinamuchitikirapo, ndalama n'kubwerera? Mayi akunyumba sindinawauzebe, ndalamazo zinali za mbuzi ziwiri zomwe tinagulitsa.