Shado akufuna mayina athu a m'banki mkhonde, ine ndakana. Kodi ndalakwa?

Mlembi wa Banki, Kamuzu Road, Salima

Moni nonse. Ine ndimagulitsa mpunga ndi usipa wouma pa Kamuzu Road pano, komanso ndine mlembi wa banki mkhonde ya amayi a kudera kwathu. Ndikufuna mundiuze zoona, musandinyengerere.

Chiyambireni kampeni ya chisankho mu Julaye 2025, kuno kulibe kupuma. Magalimoto a zimkuzamawu amayamba mbandakucha, ndipo pamaliro aliwonse pamapezeka shado atanyamula thumba la ufa. Zimenezo tazolowera. Koma sabata yathayi anyamata awiri otumidwa ndi shado wina (dzina lake ndi chipani chake sinditchula) anatipeza tili pamphasa, bokosi lili chotsegula, tikuponya masheya. Akuti bwana wawo akufuna kuika ndalama m'thumba lathu ladzidzidzi, koma tiyambe tawapatsa mayina athu onse ndi manambala a pa ziphaso zathu zovotera, kenako tsiku la msonkhano wake tonse tikavale nsalu yake n'kukavina kutsogolo.

Ine ndinatseka buku n'kulikhalira. Ndinawauza kuti bukuli ndi la ngongole, si la chipani.

M'gulu mwathu muli Asilamu, Akatolika, a CCAP, Ayawo, Achewa, ngakhale Mtonga wa ku Dwangwa amene anakwatiwa kuno. Sindinafunsepo aliyense kuti amavotera yani, ndipo ineyo ndilibe makaka. Ndimamvera onse pawailesi, ndimayang'ana mtengo wa feteleza, mafuta ndi mankhwala, kenako ndimasankha ndekha. Amene ndinamuvotera mu 2019 si amene ndinamuvotera mu 2014. Tsopano amayi ena sakundiyankha moni. Awa akuti ndine kazitape wa chipani chakuti, awo akuti ndine wa chinacho, moti ndapatsidwa zipani ziwiri sabata imodzi. Msungichuma wathu, amene ndi mlamu wanga, akuti ndawatayitsa chakudya cha ana.

Inu amene mulibe makaka, mukukhala bwanji ndi anansi mpaka tsiku lovota pa 16 Seputembala 2025?

Wakabaza wa pa Depoti

Mayi, mwaiphonya. Ndalama za andale timadya, osafunsa. Ine m'chikwama mwanga muli matisheti amitundu itatu, ndimavala potengera amene watiitana tsikulo. Anzathu a njinga zamoto akugona pamzere wa mafuta, ndiye shado akati bwerani mundiperekeze ndikuthirirani petulo, mukuganiza akane ndani? Ife a njinga zakapalasa timapatsidwa ya sopo, timaimba belu kuchoka pa depoti mpaka pabwalo, basi tabwerera kuntchito. M'kachipinda kovotera ndimalowa ndekha, tisheti imatsala kunyumba. Mukanalemba mayinawo, mwalandira, mwagawana. Akatha mavoti anthu amenewa simudzawaonanso mpaka 2030.

Mphunzitsi Wopuma, Nkhotakota Boma

Mayi, zikomo pobweretsa nkhaniyi. Mwana wanga wa kabaza, za tishetizo sindikutsutsa, vala. Koma pa mayinapo ndiye ayi, ndipo ndikuuza chifukwa chake.

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi timadziwa chimene mndandanda wa mayina umachita. Kale kuti ulowe mumsika kapena ukwere basi, ayufi ankayamba aona khadi ya chipani. Mayi kuvala buluku kapena siketi yaifupi unali mlandu kuyambira mu 1973 mpaka mu 1993. Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, anthu ankaopa ngakhale kupezeka nayo m'nyumba. Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 tinkasankha pakati pa tambala wakuda, woimira chipani chimodzi, ndi nyali, yoimira zipani zambiri. Dziko lonse nyali inapambana, koma kuno kuchigawo chapakati ambiri anavotera tambala. Ine ndinavotera nyali, ndipo mkulu wanga amene tinkadyera mbale imodzi anavotera tambala. Tinakangana mpaka mayi athu anatilowerera, koma palibe amene anali ndi pepala losonyeza kuti uje ali mbali iyi. N'chifukwa chake tinatha kupitiriza kulima limodzi dimba la mpunga.

Tsono taganizani. Mwapereka mayina ndi manambala, shadoyo wagwa. Anyamata ake adzayendera yani kukafunsa kuti mavoti athu ali kuti? Kapena wapambana mnzakeyo, ndipo wamva kuti banki ya amayi akuti inavina kwa mdani wake. Pakadzabwera zothandiza m'mudzi, dzina lanu lidzakhala pati? Mbali zonse ziwiri wopweteka ndi mayi wogulitsa usipa.

Komanso voti yanu siichokera kuboma limene munabadwira. Anthu a m'tauni akamva kuti ndine wa ku Nkhotakota amangoti ndiye tadziwa kale kumene muli. Zimandinyansa zedi. Kuno kunyanja tasakanikirana kuyambira nthawi ya a Jumbe, mzikiti uli apa, tchalitchi cha Anglican chili apo, ndipo sitinayambe taganizapo chimodzimodzi tonse.

Nachisale wa ku Senga Bay

Achemwali, ine ndikutsutsani pang'ono. Inu muli ndi bizinesi, madzulo mumapita kunyumba ndi kangachepe. Mayi amene akudikira kuti mwamuna wake abwere kunyanja ndi usipa wa ndiwo, ndalama yathumba ladzidzidzi kwa iyeyo ndi transipoti yopitira kuchipatala. Mumati aliyense ali ndi ufulu wosankha, nanga bwanji munatseka buku nokha osafunsa gulu? Mlembi si mwini banki. Kwathu nkhani yotere timaimika manja. Amayiwo sakukwiyira ndale zanu ayi, akukwiya chifukwa munawayankhulira pamaso pa alendo ngati iwo ndi ana.

Anali Monita 2020, Chipoka

Ndiyankhe za malamulo, poti ndinagwirako ntchito ya umonita pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni 2020, chija chinabwera khoti litafafaniza cha mu 2019.

Lamulo la zipani la mu 2018 limaletsa kandideti kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Nsalu, matisheti ndi zipangizo zina za kampeni sizili m'gulu loletsedwalo, chimodzimodzi transipoti ndi chakudya cha pamsonkhano wa chipani. Ndiye amene akufuna kuvala nsalu avale, palibe mlandu. Koma ndalama yoponyedwa m'bokosi la banki posinthana ndi mayina, imeneyo ndi ija yoletsedwayo, ngakhale aitche dzina lokoma bwanji.

Za manambala a ziphaso, anyamatawo amafuna kuti muziopa basi. Amafuna muziganiza kuti bwana adzadziwa pamene mwachonga. Sangadziwe. Pa pepala lovotera palibe dzina lanu, mumachonga muli nokha, mumapinda nokha, mumaponya nokha. Kuwerenga kumachitikira pamalo pomwepo mamonita a zipani zonse akuona, ndipo zimene zimatuluka ndi chiwerengero cha malo onsewo, osati cha munthu. Ine ndinakhala pamenepo mpaka usiku, ndipo sindikanatha kukuuzani ngakhale voti ya mkazi wanga amene anavotera pasukulu yomweyo. Chiphaso chanu musapereke kwa aliyense, ngakhale anene kuti akungokusungirani.

Akabweranso moopseza, kadandauleni ku ofesi ya MEC, bungwe loyendetsa chisankho, kapena ya NICE, bungwe lophunzitsa anthu za chisankho, paboma. Kulinso komiti imene zipani zonse zimakumana kwa DC kukambirana mikangano ya kampeni, nkhani ngati zimenezi zimakafika kumeneko. Ndipo pirirani, kampeni imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti tivote. Chaka chino cha 2025 opikisana pa upulezidenti alipo 17 ndipo wopambana ayenera kudutsa theka la mavoti onse, n'chifukwa chake ngakhale kagulu ka amayi a pamphasa akukalondalonda chonchi.

Wakabaza wa pa Depoti

A monita, lamulolo lilipo papepala, koma pabwalo ma K2,000 akuuluka masanasana. Komabe za chiphasozo ndamva. Changa chili m'chikwama cha agogo, sichituluka.

Mlembi wa Banki, Kamuzu Road, Salima

Zikomo nonse, makamaka inu aphunzitsi. Za nyalizo ndawawerengera bambo a kunyumba, aseka, akuti iwo anabisa voti yawo kwa abambo awo.

Achemwali a ku Senga Bay, za njala ndikuzidziwa, ndine amene ndimalemba mayina a olephera kubweza. Koma za kuimika manja sindikuvomera. Tingavote za chiwongoladzanja, za chindapusa cha ochedwa, za tsiku logawana. Dzina la munthu ndi nambala yake sitingavotere. Ngakhale onse ataimika manja n'kutsala mmodzi, sindingapereke dzina la mmodziyo. Ndipo alipo: mayi wina wachikulire anandipeza pamsika mwakachetechete n'kundiuza kuti mwana wake amayendetsa kampeni ya kandideti winayo, akanaoneka pamndandanda uja kunyumba kukanavuta. Pamphasa paja sanatsegule pakamwa.

Lachisanu tikakumana ndikanena chonchi: amene akufuna nsalu ndi kuvina apite yekha, m'dzina lake, ndipo palibe amene amunyoze. Bokosi ndi buku zikhala kunja kwa zimenezo, chifukwa timagawana mu Disembala, mavoti atapita kalekale, ndipo ngongole zidzafunika kubwezedwa kaya wapambana ndani. Akafuna andichotse ulembi, andichotse, buku ndipereka kwa wapampando osati kwa anyamata aja.

A monita, ofesi ya NICE ingatitumizire munthu kudzayankhula ndi gulu lathu Lachisanulo, kapena tiyambe talemba kalata? Zimenezi akazimva kwa mlendo azikhulupirira kusiyana n'kuzimva kwa ine.